Lilime la a Lawford

Mukafika ku Area 3 n'kufunsa za khukhi wa kwa a Abdulmajid, ena angokuyang'anani. Koma mungoti, "Ndikufuna a Lilime," ngakhale mlonda wa pageti la eni ake akulozerani: kwerani chakumtunda, mpanda wopaka laimu uwo, pamene pali mtengo wa mapeyala. Dzina lawo lenileni ndi a Lawford, kwawo ndi ku Malingunde, ndipo aphika pakhomo limenelo zaka makumi awiri ndi zisanu n'chimodzi.

Munthu wake ndi wamfupi, wadazi, wamatewe pang'ono, koma kayendedwe kake mungati nyumbayo anamanga ndi iwo. Anabwera m'tauni ali mnyamata wodziwa kukazinga chimanga basi, ndipo ntchito anayambira kusesa pabwalo. Tsiku lina Mayi Rahima, akazi a bwanawo, anawasiyira anyezi pamoto iwo n'kupita kukayankha foni. Foni ya azimayi mukuidziwa. Pobwerera anali atakonzeka kukalipa, koma anapeza anyezi wafiira bwinobwino, osapserera ngakhale kamodzi, mnyamatayo atachepetsa moto yekha. Tsache analisiya tsiku lomwelo.

Mayi Rahima anawaphunzitsa zonse: kupinda samusa kuti isayasame m'mafuta, kukanda chapati, kukazinga adyo ndi jinja, kuphika pilawu. Chimodzi chokha sankawalola, kuchinja nkhuku kapena mbuzi, poti a Lawford ndi Mkhristu wa CCAP ndipo nyumbayo ndi ya Chisilamu. Mpeni wa pakhosi unali wa bwana. A Lawford sizinkawadandaulitsa, chifukwa Chikhristu chomwecho n'chimene chinawaveka ufumu.

Nkhani yake ili apa. Mwezi wa Ramadani ukakwana, nyumba yonse imasala kudya kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, osaika kanthu m'kamwa, ngakhale dontho la madzi. Koma chakudya chofuturu nacho, chomasulira kusalako madzulo, chimaphikidwa masana. Nanga alawe ndani? Ashehe amati munthu akhoza kulawa n'kulavula, kusala sikuwonongeka, koma Mayi Rahima sankafuna kumva zimenezo. "Nanga chikaterereka n'kutsikira kummero?" Ndiye m'nyumba monsemo lilime lomasuka linali limodzi lokha.

Kalawidwe kake kanalinso kodzitama, abale inu. Supuni ayi. Ankatunga msuzi ndi chipande, kudonthezera pachikhatho, kuuzira katatu, kunyambita, kenaka kutsinzina. Mayi Rahima, mzimayi woti akakalipa kushopu yawo ya nsalu ku Malangalanga antchito amabisala kuseri kwa mabelo, ankangoima phee, kudikira chigamulo.

"Pang'ono pokha, mayi. Zala zitatu."

Zala zitatu zinkathiridwadi, osaonjeza, osachepetsa.

Mbiri inafala. Ikamakwana folo koloko timasosala tinkayamba kudumpha mpanda kuchokera kwa aneba, aka ka supu, aka ka nyemba, aka ka nkhuku. Ngakhale kwa a Sulaiman, mng'ono wawo wa bwana amene amakhala ku Area 15, ankatumiza msuzi m'kabotolo pagalimoto. Tangoganizani, petulo kupsa chifukwa cha lilime la munthu wa ku Malingunde! Ena amanyadira galimoto, ena ana ophunzira. A Lawford ankanyadira lilime. Fodya anakana, mowa anakana, tiyi ankamwa atazizira kuopa kuliwotcha. Miyezi khumi ndi umodzi anali wantchito ngati wina aliyense, koma mwezi umodziwo msewu wonse unkadikira iwo.

Ndiye chaka chatha Twahir, mwana wachisamba pakhomopo, anakwatira. Mkazi wake, Suhaila, ndi wa ku Mangochi, ndipo amagwira ntchito mu ofesi ku City Centre. A Lawford atamva za ofesi mtima unakhala pansi. Wa mu ofesi adziwa chiyani? Kuwiritsa madzi a tiyi m'ketulo yamagetsi basi. Miyezi yoyamba zinkaonekadi choncho. Mtsikanayo ankachoka m'mawa, kubwera madzulo, kuwapatsa moni mwaulemu, "Mwaswera bwanji ankolo," n'kudutsa.

Tsiku lachiwiri la Ramadani Suhaila anaweruka msanga. Analowa m'khitchini atamanga chitenje pamwamba pa zovala za ku ofesi.

"Ankolo, lero mundilole ndiphikeko pilawu."

"Phikani, mayi wamng'ono, phikani," anatero a Lawford akumwetulira chamumtima. Anakhala pampando n'kumasenda mbatata, diso lili komweko.

Muyenera kudziwa kuti mlandu wa pilawu umaweruzidwa pamsuzi, mpunga usanalowe. Mpunga ukangomwa msuziwo, zatha, palibe apilo. Choncho nyama itafewa, a Lawford anaika mpeni pansi, anapukuta dzanja pa epuloni, chikhatho chili chokonzeka. Suhaila anatapa mchere, anayang'ana mupoto, anagwedeza dzanja pang'ono kuti wina ugwere m'chitini, wotsalawo n'kuwaza kamodzi. Anatakasa. Kenaka anakhuthulira mpunga n'kuvundikira.

"Simunandipatse ndilawe."

"Aa, musavutike ankolo. Wakwana."

Wakwana! Wadziwa bwanji munthu wosala? A Lawford anabwerera ku mbatata zawo akuti mumtima, tionana dzuwa likalowa.

Dzuwa linalowa. Anthu anafuturu ndi zipatso za tende ndi madzi, anaswali, n'kukhala pachakudya. A Lawford anaima pakhomo la khitchini, khutu lili tcheru. Anamva bwana akuitana.

"Lawford! Lero ndiye watiphikira, mwamuna iwe!"

"Si a Lawford," anayankha Mayi Rahima. "Ndi mpongozi wanuyu."

"Walawa ndani?"

"Palibe."

"Mashallah!" anatero bwana. "Mwana uyu lilime lake lili m'manja."

Mawu amenewo anawalasa a Lawford pamtima penipeni. Mbale zitabwerera anatapa pilawu wotsala, kuuzira, kutsinzina, kufunafuna cholakwa. Analawa wapamwamba, analawa wapakati, anakokota ndi wapansi pomwe. Cholakwa panalibe. Mchere unali utakhala pamalo pake, ndipo zinawawawa kuposa mbama.

Kuyambira tsiku limenelo anadwala nsanje, yeniyeni, yosowetsa mtendere. Suhaila ankaphika kawiri kapena katatu pamlungu, ndipo nthawi zonse a Lawford ankayang'anitsitsa dzanja lija. Kadzanja kakang'ono, kojambulidwa maluwa a hina, kosadziwa n'komwe kupsa ndi mafuta. Akakhala okha ankayesera, kutapa, kugwedeza, kuwaza, koma polawa ankapeza wachepa kapena wapitirira. Mtsikanayo akawaseketsa, iwo ankamva ngati akuwaseka. Akawasiyira chakudya, ankati akuwaonetsa. Tsiku lina anamva mayi wa nyumba yoyandikana nayo akuitana pampanda, iwo n'kuthamanga chikhatho chili patsogolo, koma mayiyo anati, "Ayi a Lilime, ndimafuna Suhaila andiuze mmene amathirira." Anabwerera m'khitchini n'kukalipira mphaka wosalakwa.

Akazi awo, a Naphiri, amene amakhala nawo kuboyizikota kuseri kwa nyumbayo, anaona kuti bambo sakudya.

"Abambo a Ezekiel, nsanje imeneyi mukanamandichitira ine, bwenzi nditanenepa."

"Nsanje yanji? Ndikungoti mwana aziphunzira ulemu. Poto salowamo mpunga wamkulu asanalawe."

"Mwalawa zaka zingati inu? Musiyeni naye. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa."

"Kalumo kameneko kakumeta ine!"

"Pamutu pomwe palibe tsitsipo?" anatero a Naphiri, n'kupitiriza kuchapa.

Lachisanu la mlungu wachitatu kunali alendo. Amayi ake a Suhaila, Mayi Rukaiya, anabwera kuchokera ku Mangochi ndi abale awo kudzaona kumene mwana wawo anakwatiwa. Anaitanidwanso a Sulaiman ndi banja lawo, aneba, ndi anzawo a bwana a kumzikiti. Anthu oposa makumi atatu. M'mawa bwana anachinja mbuzi, sefuliya yaikulu ya maukwati inatsitsidwa, moto wa nkhuni unasonkhedwa kuseri kwa khitchini.

"Pilawu aphike Suhaila, amayi ake aone," anagamula Mayi Rahima. "A Lawford, inu samusa ndi anyezi."

Anyezi! Zaka zonsezi pilawu wa alendo anali wawo. Sefuliya imeneyo ankaidziwa ngati mwana wawo, ndi pamene inapindika pomwe. Lero asende anyezi. Anasendadi, ndipo misozi imene inatuluka sitinganene kuti yonse inali ya anyeziyo.

Cha m'ma fili koloko nyama inafewa, msuzi ukubwata, fungo lili ponseponse mpaka kumsewu. Suhaila anatapa mchere, kuwaza, kutapanso, kuwaza. Ananyamula beseni la mpunga wa kilombero. Pamenepo Mayi Rahima, amene anakhala pampando chapafupi akusankha tende, anakweza dzanja.

"Taima mwana wanga. Sefuliya iyi ndi yaikulu, dzanja lako silinaizolowere. Lero kuli asewere, tisachite zongoganizira. A Lawford, tabwerani mulawe."

A Lawford anaimirira pang'onopang'ono. Anatunga ndi chipande, kudonthezera pachikhatho, kuuzira katatu, kunyambita, kutsinzina.

Mchere unali wokwana. Wokwana ndendende, m'sefuliya yoti mtsikanayo sanaiphikirepo chibadwire. Akanakhala iwo akanalawa kanayi kuti afike pamenepo. Ali chitsinzinire anaona zonse za madzulo: bwana akuti Mashallah, Mayi Rukaiya akumwetulira, azimayi a msewu wonse akuzungulira kadzanja ka hina kaja. Ndipo anazindikira chinthu chimene sanachiganizirepo zaka zonsezi, chakuti pabwalo lonselo panalibe woti angawatsutse mpaka dzuwa litalowa.

"Wachepa," anatero.

"Pang'ono?" anafunsa Mayi Rahima.

"Kwambiri, mayi. Ngati sanathire n'komwe. Manja awiri odzaza."

Suhaila anawayang'ana. Anayang'ana m'sefuliya, kenaka apongozi ake.

"Thira mwana wanga," anatero Mayi Rahima. "Lilime ili silinatinamizepo."

Anathira. Dzanja loyamba, dzanja lachiwiri. Mpunga unalowa, chivundikiro pamwamba, makala pachivundikiro.

Tisaname, mtima wa a Lawford unavina. Unavina nthawi yonse imene ankakazinga samusa zoyamba. Pofika zachiwiri unayamba kugunda mwa mtundu wina. Nsanje ilibe mawa, imangoona pamphuno. Anali ataiwala kuti Mayi Rahima anali pomwepo, ndipo anamva ndi makutu awo amene ananena za manja awiri. Anapita kusefuliya, anazungulira, anaganiza zoponyamo mbatata kapena kuonjeza madzi, koma mpunga unali utamwa kale. Madzi akatayika saoleka.

Mikeka inayalidwa pakhonde, abambo uku, amayi uko. Kuitana kwa kumzikiti kutamveka anthu anafuturu, anaswali, ndipo mbale zazikulu za pilawu zinatuluka zikufuka, zokongola zedi. A Lawford anaima pazenera la khitchini. Anthu amene asala tsiku lonse sachedwa, manja onse analowa m'mbale nthawi imodzi.

Kenaka kunangoti zii.

Wina anatsokomola. Wina anatambasula dzanja kufuna jagi ya madzi. A Sulaiman, amene pakamwa pawo palibe chitseko, anameza movutikira n'kuti, "Achimwene, kodi mwasiya nsalu, mwayamba kuoda mchere?" Abambo ena anaseka chamunsi. Kumbali ya azimayi wina ananong'ona mokweza, monga amachitira azimayi akafuna kuti zimveke, "Ana a mu ofesi ndi choncho."

Suhaila anaimirira. Ankangozungulira ndi jagi, kuthirira anthu madzi, nkhope ili pansi. Koma chimene a Lawford sadzaiwala ndi Mayi Rukaiya. Mayiyo sanatsokomole, sanapemphe madzi. Anaweramira mbale yawo n'kumadya, kutapa, kumeza, kutapa, kumeza, ngati kuti akamaliza mpungawo manyazi a mwana wawo athera momwemo. Maso awo anali atafiira.

Izi n'zimene a Lawford ankafuna. Anaziona zonse, ndipo sizinakome.

"Asewere, tasiyani mbaleyo," anatero Mayi Rahima mokweza, kuti ndi abambo omwe amve. "Mwanayu alibe mlandu. Ndinali pomwepo ine. Iye anathira mchere wake, amene analawa n'kunena kuti aonjeze ndi a Lawford."

A Lawford anamva zonse ali pazenera paja. Basi, kwatha. Anayamba kuganiza za katundu wawo, za a Naphiri, za minibasi ya ku Malingunde.

"Taitaneni," anatero bwana.

Anatuluka, anagwada chapatali, epuloni ili m'manja. Anthu makumi atatu akuwayang'ana. Anadikira mawu oti wabodza, wankhwidzi, wanjiru. Koma Mayi Rahima atawayang'ana, m'maso mwawo munalibe mkwiyo. Munali chisoni.

"Munthu wamkuluyu lilime lamuthera, ife osadziwa," anatero. "Watilawira zaka makumi awiri ndi zisanu n'chimodzi, sanaphonyepo. Ndiye lero mchere wonse uja osaumva? Kulakwa ndi kwanga, ndimayenera kuona kuti wakula. Tsabola wakale sawawa."

"Aaa, pepani a Lilime," anatero mayi wa nyumba yoyandikana nayo uja.

"Ukalamba sulowera khomo limodzi," anaonjeza a Sulaiman. "Ena maso, ena mawondo. Awa wayambira m'kamwa."

Mwaona mmene zinawathinira? Mayi Rahima sanaganize n'komwe kuti a Lawford anganame. Kwa iwo chinali chapafupi kukhulupirira kuti lilime lafa kusiyana n'kuti munthuyo waipa. Tsono panali njira ziwiri basi. Anene kuti, "Ayi mayi, lilime lili bwino, ndinanama dala kuti mwanayu achite manyazi pamaso pa amayi ake," kapena avomere kuti chinthu chokhacho chimene ankanyadira pamoyo wawo chatha. Lilime lomwelo linali m'kamwa, lamoyo, likumvabe kukoma kwa msuzi wa masana uja.

"Usadandaule Lawford," anatero bwana. "Ntchito ndi yako, pano ndi kwanu. Kungoti zolawa upume."

A Lawford anatsegula pakamwa. Anthu anadikira.

"Zikomo bwana," anatero.

Alendo anakhuta samusa, chapati ndi tiyi. Pilawu anathera kwa nkhuku za a Naphiri, ndipo ngakhale nkhukuzo zinkangoti zikajompha n'kuthamangira kumadzi.

M'mawa mwake, Loweruka, a Lawford ankakwecha sefuliya ija kumpopi. Suhaila anabwera n'kuima pambali pawo, atanyamula mbale zoti atsuke.

"Ankolo, mchere uja unali wokwana."

Dzanja la a Lawford linaima.

"Ndinadziwa pomwe paja," anatero mtsikanayo. "Inunso munadziwa."

"Nanga munathiriranji?" Mawu anatuluka ang'onoang'ono.

"Ndikanakutsutsani pamaso pa amayi? Ine ndabwera dzulodzuloli, inu ndinu akulu pano."

"Mukawauza?"

"Ayi. Nkhani imeneyo ndi yanu." Anatsegula mpopi n'kuyamba kutsuka. "Koma amayi anga analira."

Sanawauzedi, mpaka lero. Ndipo musaganize kuti nsanje ya a Lawford inathera pamenepo, ayi ndithu. Inangoonjezekera. Poyamba ankachitira nsanje dzanja lokha, tsopano ndi mtima womwe. Kamwana kameneka kawaposa pamchere, kawaposanso paumunthu, ndipo tsiku lililonse kamawapatsa moni, "Mwaswera bwanji ankolo," ngati palibe chinachitika. Akanawalalatira bwenzi zitawapepukira.

Akadali pomwepo ku Area 3. Amasenda, amakanda, amakazinga, ndipo samusa zawo palibe amazifika. Akaphika okha amadikira kuti m'khitchini musakhale munthu, n'kulawa mwakuba ngati mwana woba shuga, chifukwa munthu amene lilime linafa alawiranji? Chakudya chikakoma anthu amati dzanja lawo likukumbukira. Kangapo konse aima kumbuyo kwa Mayi Rahima mawu ali pamlomo, koma mayiwo akatembenuka n'kuti, "Mwati bwanji a Lawford?" iwo amafunsa za mafuta ophikira.

Mayi Rahima ndi munthu wachifundo, ndipo chifundo chawo sichichita tchuthi. Chiyambire tsiku lija, mbale ya a Lawford amapakula okha. Akapakula amatenga chitini cha mchere n'kuwaza pamwamba, mowolowa manja, kuti munthu wamkuluyo amveko kenakake m'kamwa. Akatero sachoka, amaima pomwepo kuti aone ngati zathandiza.

Dzulo anali pilawu wa nkhuku, wophika Suhaila. A Lawford anatapa, anaika m'kamwa, mchere unawaluma mpaka m'makutu. Anameza.

"Mwaumva lero?" anafunsa Mayi Rahima.

"Pang'ono, mayi."

"Kalanga ine," anatero mayiwo, n'kutapanso wina.